Wophunzira wa ngongole ya pakhadi amene sikelo ya umphawi ya America siimuona

Tiyerekeze atsikana awiri a zaka 21 omwe akuphunzira pa yunivesite imodzi ya boma ku America. Onse akukhala kunja kwa sukulu, aliyense m'kachipinda kake ka lendi.

Woyamba sagwira ntchito. Fizi amalipira ndi bambo ake, lendi imachoka ku akaunti ya makolo n'kukagwera kwa mwini nyumba iye osaiona n'komwe, ndipo akafuna zakudya amatulutsa khadi la mayi ake. Chaka chonse palibe malipiro alionse olembedwa m'dzina lake. Wachiwiri kwawo kulibe womutumizira kanthu, mwinanso iyeyo ndiye amatumiza. Amagwira ntchito mu lesitilanti maola 30 pa sabata, $12 pa ola, ndipo pa chaka amapeza ngati $18,000. Ali ndi makhadi awiri a ngongole omwe pamodzi afika $4,000: mabuku, dzino lomwe anakachotsa, matayala a galimoto yomwe amayendera kuntchito, ndi golosale ya miyezi imene abwana anam'chepetsera maola.

Mukafunsa boma la America kuti wosauka ndani pa awiriwa, likulozerani woyamba uja. Mu 2025 mzere wa umphawi umene unduna wa zaumoyo umagwiritsa ntchito kwa munthu wokhala yekha unali $15,650 pa chaka. Wodyera khadi la mayi ake ali pansi pa mzerewo chifukwa sapeza kanthu. Wamulesitilanti waudumpha ndi madola 2,000 ndi kanthu, ndiye kuti m'mabuku a boma zake zili bwino. Ngongole yake siilowa m'masamuwo, ngakhalenso ndalama imene banki imadula mwezi ndi mwezi ngati chiwongoladzanja.

Palibe amene analakwitsa kuwonkhetsa. Sikeloyi ikuchita ndendende zimene anaipangira: imayeza ndalama zolowa m'thumba, osati zimene munthu akuyenera kubweza, ndiponso siifunsa kuti kumbuyo kwako kuli ndani zinthu zikavuta.

Mzerewu anaujambula ndi mayi wina dzina lake Mollie Orshansky, yemwe ankagwira ntchito ku Social Security Administration, ofesi ya boma yoona za penshoni, ndipo iye mwini anakulira m'banja losauka ku New York. Pakati pa 1963 ndi 1965 anatenga mtengo wa chakudya chotchipitsitsa chimene unduna wa zaulimi unkati banja likhoza kupulumukirapo kwa kanthawi zinthu zikathina. Kafukufuku wa 1955 anali atasonyeza kuti mabanja a anthu atatu kapena kuposerapo ankagwiritsa ntchito gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zawo pa chakudya. Choncho Orshansky anachulukitsa mtengo wa chakudya uja katatu, n'kupeza pafupifupi $3,100 pa chaka kwa banja la anthu anayi. Inali nthawi imene Pulezidenti Lyndon Johnson anali atangolengeza nkhondo yolimbana ndi umphawi mu January 1964, ndipo boma linkafuna nambala yoti ligwirepo. Mu 1969 mzerewu unakhala wovomerezeka wa boma lonse. Kuyambira pamenepo amangoukweza chaka ndi chaka molingana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, maziko ake osawakhudza.

Koma moyo unasintha. Lero banja la ku America limagwiritsa ntchito pafupifupi 13 peresenti yokha ya zimene limawononga pa chakudya, pomwe nyumba imadya pafupifupi gawo limodzi mwa atatu. Ndipo m'masiku amene Orshansky ankachita masamu ake, khadi la ngongole linali khanda. Bank of America inali itangoyesa kumene kutumiza makhadi 60,000 kwa anthu a mu mzinda wa Fresno ku California mu 1958, osawapempha n'komwe. Khadi limenelo ndi lomwe linadzakhala Visa mu 1976. Munthu wosauka wa mu 1963 ankakongola kwa mwini golosale kapena kukapinyolitsa katundu. Banki sinkamudziwa. Choncho funso lakuti ngongole tiiwerenge bwanji silinali lovutitsa mutu pa nthawiyo.

Kuti timvetse chifukwa chake lero likuvutitsa, tiyenera kuona mmene khadi limagwirira ntchito, chifukwa msampha wake suoneka tsiku lolitenga.

Banki imakupatsa malire, tinene $1,500, popanda chikole chilichonse. Umagula zinthu, ndipo pakutha pa mwezi imakutumizira sitetimenti. Lamulo limati ikupatse masiku osachepera 21 kuti ulipire. Ukalipira yonse, sulipira chiwongoladzanja ngakhale senti imodzi, ndipo makhadi ambiri amakubwezeranso kangachepe pa zimene wagula. Kwa munthu amene ali ndi ndalama kale, khadi ndi ngongole yaulere ya mwezi umodzi. Koma pa sitetimenti pomwepo pamalembedwanso nambala ina yaing'ono, ndalama yochepetsetsa imene ungalipire kuti banki isakuone ngati wathawa. Ukalipira imeneyo yokha, yotsalayo imayamba kubereka, ndipo imabereka tsiku ndi tsiku. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa makhadi ochuluka, ukangosiya kangongole kakugona mpaka mwezi wina, masiku aulere aja amathera pomwepo: buledi amene wagula lero amayamba kubereka lero lomwe.

M'zaka za 2023 ndi 2024 chiwongoladzanja cha makhadi ku America chinali pamwamba pa 20 peresenti pa chaka. Wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Chipata akhoza kuseka kuti imeneyo ndi nthabwala poyerekeza ndi katapila, kapenanso ndi mabanki a ku Malawi komwe Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti mu 2024. Kusiyana kwake n'kwakuti komwe mitengo ya zinthu ikukwera ndi pafupifupi 30 peresenti pa chaka, ndalama imene ukubweza imakhala itaguga kale. Ku America mitengo inkakwera ndi 3 peresenti yokha pa nthawi yomweyo, ndiye kuti pafupifupi chiwongoladzanja chonsecho ndi mnofu weniweni umene wokongola akudulidwa.

Tiyeni tichite masamu pang'ono. Wophunzira ali ndi ngongole ya $3,000 pa 22 peresenti. Chiwongoladzanja cha mwezi woyamba ndi $55. Mabanki ambiri amawerengera ndalama yochepetsetsa ija potenga chiwongoladzanja cha mweziwo n'kuwonjezerapo 1 peresenti ya ngongole, choncho amuuza kuti alipire $85. Pa $85 imeneyo, $30 yokha ndi imene yagwetsa ngongole. Akapitiriza kulipira yochepetsetsa yokhayokha, osagulanso kanthu ndi khadilo, ndipo tinene kuti banki siilola kulipira pansi pa $35, adzamaliza patatha zaka pafupifupi 12 atapereka chiwongoladzanja cha pafupifupi $4,000. Wabwereka 3,000, wabweza 7,000. Akanatha kumalipira $115 mwezi uliwonse, akanamaliza m'zaka zitatu, chiwongoladzanja n'kungopitirira pang'ono $1,100. Kusiyana kwa zaka 12 ndi zaka zitatu kwayambira pa madola 30 okha pa mwezi woyamba, ndipo amene alibe madola 30 amenewo ndi yemwe amalipira kwambiri. Akachedwa kulipira pali chindapusa cha pafupifupi $30 koyamba ndi cha m'ma $40 akabwereza, ndipo banki ikhoza kukweza chiwongoladzanja kufika pafupi ndi 30 peresenti.

N'chifukwa chiyani palibe lamulo loletsa chiwongoladzanja chotere? Malamulo analipo. Madera ambiri a America anali ndi malire awo oletsa katapila. Koma mu 1978 khoti lalikulu la dzikolo, pa mlandu wa Marquette National Bank ya ku Minneapolis ndi First of Omaha, linagamula kuti banki yolembetsedwa ndi boma lalikulu ikhoza kulipiritsa chiwongoladzanja chimene chikuloledwa kudera kumene bankiyo ili, posatengera kumene wokongola akukhala. South Dakota inachotsa malire ake mu 1980, ndipo Citibank inasamutsira ntchito zake za makhadi ku Sioux Falls mu 1981. Delaware nayo inatsegula chitseko chaka chomwecho. Mu 1996 khoti lomwelo linati chindapusa cha kuchedwa kulipira nachonso chili m'gulu lomwelo. Kuyambira apo kubwereketsa kwa anthu okayikitsa kunasanduka bizinesi yonona, pakuti ngakhale ena atalephera kubweza, otsalawo amakwirira dzenjelo.

Wophunzira wa pa yunivesite anakhala kasitomala wokoma kwambiri. Alibe malipiro lero koma mawa adzakhala nawo, anthu sakonda kusintha khadi lawo loyamba, ndipo zikavuta makolo ambiri amalipira kuopa kuti dzina la mwana lingaipe. M'zaka za m'ma 1990 ndi kuchiyambi kwa m'ma 2000, sabata yotsegulira sukulu inkakhala ngati tsiku la msika. Matebulo ankandandalikidwa pakhomo pa holo yodyera, ndipo wongodzaza fomu ankalandira tisheti, pitsa kapena kapu. Chikomekome cha mkuyu. Mayunivesite enieniwo ndi mabungwe a omwe anaphunzirapo kale ankasainirana mapangano ndi mabanki, makamaka MBNA ya ku Delaware yomwe Bank of America inaigula mu 2006, kuti chizindikiro cha sukulu chiikidwe pa khadi, iwo n'kumalandirapo gawo. Banki yaikulu ya dzikolo, Federal Reserve, itayamba kuwerenga mapanganowa, inapeza kuti mu 2009 analipo oposa 1,000 ndipo mabanki anapereka ndalama zoposa $80 miliyoni chaka chimenecho chokha.

Zotsatira zake zinaoneka mu kafukufuku amene kampani yobwereketsa ophunzira ya Sallie Mae inatulutsa mu 2009. Ophunzira 84 mwa 100 alionse anali ndi khadi, theka la iwo anali ndi makhadi anayi kapena kuposa, ngongole yapakatikati inali $3,173, ndipo omaliza sukulu ankatuluka ndi ngongole ya pakhadi yopitirira $4,100. Ndi 17 okha mwa 100 amene ankati amalipira yonse mwezi uliwonse. Anthu amakonda kunena kuti inali ndalama ya mowa ndi zovala, ndipo ina inalidi yotero. Koma 92 mwa 100 a omwe anali ndi makhadi ankagulira mabuku ndi zina zofunika pa sukulu, ndipo pafupifupi 30 mwa 100 ankalipirira fizi imene.

Pa 22 May 2009 Pulezidenti Barack Obama anasainira lamulo lotchedwa Credit CARD Act, ndipo mbali zake zambiri zinayamba kugwira ntchito mu February 2010. Munthu wosakwana zaka 21 sangapatsidwenso khadi pokhapokha asonyeze kuti ali ndi kopezera ndalama kwakekwake, kapena pakhale wamkulu womusainira amene adzasenze ngongoleyo iye akalephera. Mphatso zokopera ophunzira zinaletsedwa pa sukulu ndi pafupi ndi sukulu. Mapangano a mayunivesite ndi mabanki anayenera kuululidwa. Ndipo pa sitetimenti iliyonse banki inakakamizidwa kulemba zaka zimene munthu adzatenge akamalipira yochepetsetsa yokha, komanso ndalama imene angamalipire kuti amalize m'miyezi 36. Lamuloli linagwiradi ntchito: matebulo a matisheti anasowa, ndipo kafukufuku wa Sallie Mae wa 2019 anapeza kuti ophunzira okhala ndi khadi anali opitirira theka pang'ono. Chimene silinakhudze ndi kukula kwa chiwongoladzanja, ndiponso chifukwa chimene wophunzira amafunira khadilo poyamba.

Chifukwacho ndi mpata umene uli pakati pa mtengo wa sukulu ndi thandizo limene lilipo. M'chaka cha maphunziro cha 2024 mpaka 2025, fizi yokha pa yunivesite ya boma ya zaka zinayi, kwa mwana wa m'dera lomwelo, inali $11,610 mwapakatikati. Kuphatikiza malo ogona, chakudya, mabuku ndi mayendedwe, zonse zinkayandikira $30,000. Thandizo lalikulu losabweza limene boma limapatsa ana ochokera m'mabanja osauka, Pell Grant, linkalekezera pa $7,395. M'ma 1970 thandizoli linkakwanira kupitirira magawo atatu mwa anayi a mtengo wa sukulu yotere, lero silifika ngakhale gawo limodzi mwa atatu. Ngongole ya boma ya ophunzira ndi yotchipa, 6.53 peresenti chaka chimenecho, koma wa chaka choyamba amene akudalira makolo sangabwereke kupitirira $5,500. Chotsalacho chichokere kwa makolo, ku ganyu, kapena ku khadi. Mwana wa wolemera galimoto ikafa amaimba foni kunyumba. Mwana wa wosauka amatulutsa khadi, ndipo khadilo ndilo limakhala malume wake, koma malume woti akakuthandiza amafuna 22 peresenti.

Pali kanthu kena koseketsa komvetsa chisoni. Malamulo a makhadi amalola banki kuwerenga ndalama yotsala pa ngongole ya sukulu, fizi ikalipiridwa, ngati ndalama imene wophunzira amapeza, poona ngati akuyenera kupatsidwa khadi. Kwa banki, ngongole ina ndi umboni wakuti ukhoza kubweza inzake. Kwa Census Bureau, yomwe imawerenga osauka, ngongole si ndalama yopeza ayi, ndipo kubweza ngongole sikuchotsedwanso pa zimene wapeza. Munthu mmodzi yemweyo, maofesi awiri, masamu awiri.

Census Bureau imadziwa yokha kuti ophunzira amasokoneza ziwerengero zake. M'kafukufuku wake wamkulu wa chaka ndi chaka, American Community Survey, anthu okhala m'mahositelo a sukulu sayezedwa n'komwe ngati ndi osauka kapena ayi, chimodzimodzi asilikali a m'mabalaki ndi akaidi. Okhala kunja kwa sukulu popanda achibale ndiwo amayezedwa, ndipo lipoti la mu 2013 linapeza kuti oposa theka la iwo anali pansi pa mzere. Atawachotsa m'masamu, umphawi wa dziko lonse unatsika kuchoka pa 15.2 kufika pa 14.5 peresenti, ndipo m'matauni ang'onoang'ono odalira yunivesite monga Ithaca ndi State College unatsika kwambiri zedi. Ena anamva nkhaniyi n'kunena kuti basi, umphawi wa ophunzira ndi wabodza. Ine ndikuona kuti lipotilo linangotsimikizira kuti sikeloyi siitha kusiyanitsa atsikana athu awiri aja. Imaunjika pamodzi mwana wa dokotala ndi mayi wa ana awiri amene akuphunzira unamwino usiku, kenaka n'kusiya kunja amene akugwira ntchito maola ambiri mpaka wadutsa mzere.

Njala ya pa yunivesite si nthano. Ofesi yofufuza ntchito za boma, GAO, inanena mu 2024 kuti pafupifupi 23 peresenti ya ophunzira, anthu ngati 3.8 miliyoni, anavutika kupeza chakudya chokwanira mu 2020. Thandizo la chakudya la boma, SNAP, lili ndi lamulo lakelake kwa ophunzira: amene akuphunzira theka la nthawi kapena kuposa saloledwa kulandira, pokhapokha akhale kuti akugwira ntchito maola 20 pa sabata, akulera mwana wamng'ono, kapena ali m'magulu ena ochepa opatulidwa. Lamuloli analiika poopa ana a olemera omwe amaoneka osauka pa pepala. Koma limagwira ndi osauka enieni omwe, ndipo ambiri amene akanayenera kulandira salandira. Ophunzira ochokera kunja, kuphatikizapo a ku Malawi ndi Zambia omwe ali kumeneko pa viza ya ophunzira ya F-1, ali pothina kuposa apo: thandizo la boma la America siliwakhudza, saloledwa kugwira ntchito kupitirira maola 20 pa sabata sukulu ili mkati, nthawi zambiri pa sukulu pomwepo, ndipo amafika opanda mbiri iliyonse ya ngongole m'dzikolo.

Mbiri imeneyi ndi chifukwa china chimene wophunzira sangangoti khadi ndilikane. Makampani atatu, Equifax, Experian ndi TransUnion, amasunga kaundula wa mmene munthu aliyense amabwezera ngongole, ndipo kuchokera pamenepo mumatuluka malikisi a FICO, kuyambira 300 mpaka 850. Eni nyumba za lendi ambiri amayang'ana mbiriyi, ogulitsa magalimoto pa ngongole nawonso, ndipo mabwana ena amaipempha asanakulembe ntchito. Wopanda mbiri amakayikiridwa pafupifupi ngati wa mbiri yoipa. Choncho achinyamata amalangizidwa kutenga khadi msanga kuti amange dzina. Walira mvula walira matope: kuchedwa kulipira ndi masiku 30 kumalembedwa, ndipo chilembocho chimakhala zaka zisanu ndi ziwiri.

Akatswiri ayesa masikelo ena, ndipo iliyonse imaona china n'kuphonya china.

Kuyambira 2011 Census Bureau imatulutsanso muyeso wachiwiri, Supplemental Poverty Measure. Umenewu umawonjezera thandizo la chakudya, la nyumba ndi ndalama zobwezedwa pa msonkho, umachotsa msonkho, ndalama zoyendera kuntchito, zolipira wolera mwana ndi zakuchipatala, ndipo umazindikira kuti lendi ya ku San Francisco si ya ku Mississippi. Mu 2023 muyeso wakale unati osauka ndi 11.1 peresenti, anthu 36.8 miliyoni, pomwe watsopanowu unati 12.9 peresenti. Ndi muyeso wabwinoko ndithu. Koma nawonso suchotsa ndalama yobweza ngongole. Akatswiri a zachuma Steven Pressman ndi Robert Scott anayesa mu 2009 kuchotsa chiwongoladzanja chokha, osati ngongole yeniyeniyo, pa ndalama zimene mabanja amapeza, ndipo anapeza kuti anthu mamiliyoni angapo omwe boma limati si osauka amagwera pansi pa mzere. Mfundo yawo ndi yovuta kuitsutsa. Dola imene yapita ku chiwongoladzanja siigula chakudya, siilipira lendi, siisiyana ndi msonkho, ndipo msonkho amauchotsa.

Ena, monga Bruce Meyer ndi James Sullivan, amati tisiye kuyeza zolowa, tiziyeza zimene munthu akudya ndi kugwiritsa ntchito. Umu ndi mmenenso Malawi amayezera: ofesi ya National Statistical Office ku Zomba imafunsa zimene banja ladya ndi kugula, ndipo kafukufuku wa 2019 mpaka 2020 anapeza kuti 50.7 peresenti ya Amalawi anali osauka. Kwa mlimi amene salandira malipiro, njira imeneyi ndi yanzeru. Ikhozanso kumuika pamalo pake mtsikana wodyera khadi la mayi ake uja, popeza amadya bwino ndi kugona pabwino. Koma kwa mnzake wa ngongole, sikeloyi imanama moopsa kuposa yoyamba ija. Iye akudya, akuvala, ali ndi foni ndi laputopu, galimoto ikuyenda. Zonsezo n'zoona. Kungoti akudya chimanga cha chaka cha mawa chikadali m'munda, ndipo woyeza akuona nsima yokha ili m'mbale.

Pa chifukwa chomwechi, mawu akuti munthu wokhala ndi foni yapamwamba ndi galimoto sangakhale wosauka sagwira bwino ku America. Kalasi imafuna intaneti ndi kompyuta, ndandanda ya ntchito imabwera pa foni, ndipo m'matauni ambiri mabasi ndi osadalirika kapena kulibiretu. Adam Smith analemba kale mu 1776 kuti malaya a nsalu yabwino si ofunika kuti munthu akhale ndi moyo, koma waganyu wa m'nthawi yake akanachita manyazi kuonekera pagulu opanda malayawo, choncho anali m'gulu la zofunika. Mayiko a ku Ulaya ndi Britain anatsata maganizo amenewa: wosauka ndi amene akupeza pansi pa 60 peresenti ya zimene munthu wapakatikati m'dzikomo amapeza. World Bank ili ndi mzere wake wa umphawi wadzaoneni, womwe unali $2.15 pa tsiku ndipo mu June 2025 unakwezedwa kufika $3. Ndi muyeso umenewo wophunzira aliyense wa ku America ndi mpondamatiki. Koma ndi $3 pa tsiku ku Boston ugona panja, ndipo kumeneko nyengo yozizira imapha.

Sikelo imene imayandikira kwambiri nkhani ya atsikana athu ndi yoyeza chuma chosungidwa. Akatswiri a zachuma Robert Haveman ndi Edward Wolff anafunsa funso losavuta: malipiro atangoima lero, kodi zimene uli nazo, kuchotsapo ngongole, zingakusunge miyezi itatu pa mlingo wa mzere wa umphawi? Federal Reserve imafunsa lofanana nalo chaka chilichonse, kuti patagwa vuto la $400 ungalipire bwanji. Mu 2023 akuluakulu 63 mwa 100 anati akhoza kulipira ndi ndalama imene ali nayo, ndipo m'gulu limeneli amawerengeramo ogwiritsa ntchito khadi n'kulibweza lonse mwezi womwewo. Otsalawo akanabwereka, kugulitsa katundu, kusiya ngongole igone pa khadi, kapena kulephera kumene. Khadi limodzi lomwelo likupezeka mbali zonse ziwiri za mzere. Komabe ngakhale muyeso uwu ukhoza kusokonezeka ndi wophunzira udokotala amene ali ndi ngongole ya $200,000 koma akuyembekezera malipiro aakulu, ndiponso ndi mwana wa wolemera amene akaunti yake ili mbee koma cholowa chikumudikira.

Apa ndi pamene otsutsa ali ndi mfundo yolimba, ndipo tiyenera kuimva. Amati kusowa kwa wophunzira n'kwa kanthawi ndipo n'kosankha yekha. Seebohm Rowntree, amene anayeza umphawi mu mzinda wa York ku England mu 1899, anaona kale kuti munthu amalowa ndi kutuluka mu umphawi malinga ndi msinkhu. Akatswiri a zachuma monga Franco Modigliani anawonjezera kuti n'kwanzeru kubwereka uli wachinyamata n'kudzabweza malipiro akakula. Omaliza digiri ku America amapezadi ndalama zambiri kuposa olekezera sekondale. Mwa maganizo amenewa, wophunzira wodya zakudya zotchipa zaka zinayi si mmphawi, wangouma m'thumba.

Vuto ndi lakuti mfundoyi imatenga kumaliza sukulu ngati chinthu chotsimikizika. Mwa ophunzira 10 alionse oyamba koleji ku America, pafupifupi anayi amakhala asanatenge pepala lililonse pakatha zaka zisanu ndi chimodzi. Ndipo khadi lili ndi njira yake yokankhira munthu kunja. Ngongole ya boma ya sukulu imadikira mpaka utamaliza, koma ya pakhadi imafuna kulipiridwa mwezi uno. Kuti alipire, wophunzira amawonjezera maola a ntchito. Maola akachuluka amachepetsa maphunziro kapena kulephera mayeso, ndipo malikisi akatsika akhoza kutaya thandizo la boma, lomwe limafuna kuti munthu azikhoza. Akasiya sukulu, pakapita miyezi isanu ndi umodzi ngongole ya boma ija nayo imayamba kugogoda. Chodabwitsa n'chakuti pa mwezi uliwonse wa ulendo wotsetserekawu, ndalama zimene akupeza zikukwera, chifukwa akugwira ntchito kwambiri. Pa pepala akutuluka mu umphawi.

Zikafika poipitsitsa, lamulo limasiyanitsanso ngongole ziwirizi modabwitsa. Ya pakhadi khoti likhoza kuifafaniza munthu akalengezedwa kuti walephereratu kubweza, ngakhale kuti chilembo chake chimakhala pa mbiri mpaka zaka 10. Ya sukulu n'kovuta kwambiri kuifafaniza, ndipo kuyambira 2005 ngakhale ya sukulu yochokera ku mabanki wamba inalowa m'gulu lomwelo. Yodula ija ili ndi khomo lotulukira lopweteka, yotchipayo pafupifupi ilibe.

Ngongole ya makhadi ya dziko lonse la America inadutsa $1 thiriliyoni koyamba mu 2023, malinga ndi Federal Reserve Bank ya New York, ndipo tsopano kwabweranso makampani a gula lero udzalipira pang'onopang'ono monga Klarna, Afterpay ndi Affirm, omwe achinyamata amawakonda chifukwa safunsa zambiri. Boma lili nawo kafukufuku amene amafunsa za ngongole mwatsatanetsatane, monga Survey of Consumer Finances yemwe Federal Reserve imachita zaka zitatu zilizonse. Koma nambala ya osauka imene imalengezedwa mwezi wa September chaka chilichonse, imene manyuzipepala amalemba ndi andale amakanganirana, siichokera kumeneko. Imachokera ku funso lakuti chaka chatha munapeza ndalama zingati, ndipo mtsikana wa mu lesitilanti uja adzayankha moona kuti $18,000.